Si chithokomiro chilichonse chimene ndi cha mchere

Abale anga a kuno ku Bembeke ndi inu muli m'tauni, lero sindikamba za mtengo wa mbatatesi. Ndikamba za alamu anga, ndipo andilola okha.

Chaka chatha khosi lawo linayamba kutupa. Ankadya ngati waganyu koma akuonderabe, mtima ukugunda ngati athamanga, manja akunjenjemera, thukuta kamukamu mu Juni ife tikuwotha moto. Pamjigo mlandu anaweruza kale: ena ati kachilombo, ena ati awalodza. Inenso ndivomere, ndinangoti adye mchere wa ayodini basi.

Sikuti ndinkayankhula zopusa ayi. M'mapiri ngati athuwa mvula imakokolola ayodini m'nthaka, n'chifukwa chake agogo athu ambiri ankatupa makosi, ndipo mchere uja unathandizadi. Koma pali chithokomiro china. Asilikali a m'thupi, m'malo molimbana ndi matenda, amaukira chithokomiro cha mwini wake. Akachikolezera kuti chigwire ntchito mopyola muyezo, amati matenda a Graves. Akamachiwononga pang'onopang'ono amati Hashimoto, dzina la dokotala wa ku Japan amene anawafotokoza mu 1912. Wodwala Hashimoto amazizidwa, kunenepa, kumangowodzera, ife n'kumati ndi ulesi. Onse awiri amakonda kugwira amayi, ndipo ayodini wochuluka akhoza kuwonjezera vutolo.

Ndi maso simungasiyanitse, pamafunika magazi. Amayamba kuyeza TSH ndi T4, kenako asilikali aja: TRAb akaganizira Graves, anti-TPO akaganizira Hashimoto. Alamu anawapeza ndi Graves ku Lilongwe. Akumwa carbimazole, ndipo pano abwerera kudimba.

Chondiwawa n'chakuti tisanafike kumeneko mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga, mphini khosi lonse. Ndipo inu a m'tauni, musakwiye. Tikaimba za maliro, ndalama ya bokosi imalowa pafoni tsiku lomwelo. Tikaimba kuti mayi uyu akufunika thiransipoti ndi ndalama yoyezera magazi, yankho ndi "tiona mwezi ukatha". Miyezi inayi inatha choncho, munthu akusungunuka.

Amayi amene khosi latupa ayambire kuchipatala cha boma ku Dedza. Akakulemberani kalata ya ku Kamuzu Central, musaisunge m'Baibulo, pitani, ndipo mukafunse ngati ayeza TSH. Amene simukudziwa njira bwerani kunyumba madzulo, ndakhala ndikuwaperekeza alamu.