Pakhomo pa Vidiyo Safunsa Zaka

M'misika yambiri ya Malawi muli tinyumba toonetsera mafilimu, tomwe tonse timangoti ku vidiyo. Munthu wa pakhomo pake amafunsa chinthu chimodzi chokha, ndalama. Safunsa kuti mwanawe uli ndi zaka zingati, safunsa kuti bwanji uli muyunifolomu anzako ali m'kalasi. Mwana wa zaka 7 akangotambasula dzanja ndi ndalama ya mandasi, chinsalu cha pakhomo chimakankhidwa, iye n'kukakhala pa benchi limodzi ndi abambo a ndevu zawo, kuonera munthu akudulidwa khosi. Ine ndikuti uku n'kulakwira ana. Zoonetsa zachiwawa ziikiridwe malire a msinkhu ndi a nthawi, ndipo malirewo akafike kumene mwana wa mmphawi amaonerako.

Kanema adafika mochedwa kwathu kuno. South Africa idayamba kuulutsa mu 1976, pomwe Television Malawi idatsegulidwa mu 1999. Mpaka lero nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, oposa theka adali asanakwane zaka 18, ndipo ana amenewa akuonera ndithu. Akuonera ku Ndirande, ku Mtandire, ku Chibavi, ndi pa tauni iliyonse ya m'mbali mwa msewu pomwe pali jenereta kapena sola. Wowerenga wa ku Chipata kapena ku Lusaka sakufunika kumufotokozera zambiri, tinyumba timeneti akutidziwa.

Kale Chingerezi ndi Chitchaina zinkatchinga pang'ono, mwana ankangoona zibakera osamva nkhani. Lero kuli anyamata aluso omasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo luso lawo sindikulinyoza, chifukwa achita zomwe mawailesi akuluakulu adalephera, kubweretsa filimu m'chiyankhulo cha anthu. Vuto n'lakuti womasulira amafuna kuseketsa. Munthu akamalasidwa mfuti iye amaponyapo nthabwala, nyumba yonse n'kufa nacho chikhakhali. Commando ya Arnold Schwarzenegger ndi Rambo ya mu 2008 ndi mafilimu omwe ku Britain adawaika m'gulu la anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Kwathu amaonetsedwa dzuwa lili paliwombo, kwa ana a Sitandade 2, imfa ili yothiridwa nthabwala.

Ena amati filimu ndi filimu basi, mwana amadziwa kuti ndi zopeka. Nkhani imeneyi akatswiri a maganizo a munthu akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 60. Ku Stanford University, m'dziko la America, Albert Bandura adaonetsa ana a ku mkaka munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa mpweya, kuchikhoma ndi nyundo, kuchiponda ndi kuchikhalira. Mu 1963 adapeza kuti ana omwe adaona zimenezi pa filimu adakachita zomwezo pa chidolecho, mofanana ndi omwe adaona munthuyo maso ndi maso. Mu 1965 adasintha mathero a filimuyo. Ana ena adaona womenyayo akupatsidwa maswiti, ena adamuona akulangidwa, ena sadaone chotsatira chilichonse. Omwe adaona chilango sadatengere kwambiri. Koma atawalonjeza mphatso kuti aonetse zomwe adaona, kusiyanako kudatha, onse adasonyeza kuti akudziwa kamenyedwe kake. Phunziro lidalowa mwa onse. Chidasiyana n'chakuti ena adaona kuti kumenya kumalipira.

Tsono taganizani za mafilimu omwe ana athu amawakonda. Womenya kwambiri ndiye mwini filimu, ndiye amene amatsala wamoyo, anthu n'kumuombera m'manja. Kafukufuku wamkulu wotchedwa National Television Violence Study, yemwe adaunika mapulogalamu a ku America pakati pa 1994 ndi 1997, adapeza kuti pafupifupi mapulogalamu 60 pa 100 alionse adali ndi chiwawa, ndipo m'zigawo zoposa 70 pa 100 za chiwawacho wochita nkhanza sadalandire chilango pomwepo. Mwana saona maliro, saona mkazi wamasiye, saona mwendo wodulidwa ku chipatala. Amaona kuti mkangano umatha mnzako akagwa pansi.

Wina anena kuti kumenya chidole si kumenya munthu. Ndi zoona, n'chifukwa chake ofufuza ena adatsata ana mpaka kukula. Rowell Huesmann ndi anzake adayamba mu 1977 ndi ana a zaka za pakati pa 6 ndi 10 a m'dera la Chicago, ndipo patatha zaka 15 adawapezanso 329 mwa iwo ali akuluakulu. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2003, zidaonetsa kuti omwe ankaonera chiwawa kwambiri ali ana adali ankhanza kuposa anzawo atakula, amuna ndi akazi omwe, kuphatikizapo kukankha ndi kugwira mwankhanza akazi kapena amuna awo. Izi zidaonekabe ngakhale ataganizira za chuma cha banja, nzeru za mwana ndi kaleredwe ka makolo. Zidakula kwambiri mwa ana omwe ankadziona ngati mwini filimu uja, ndi omwe ankakhulupirira kuti moyo umayenda monga m'filimu. Aliyense amene adamvapo tianyamata tikuitanana maina a John Cena kapena Jet Li pa bwalo la sukulu akudziwa kuti kudziona ngati mwini filimu si nkhani ya ku Chicago kokha.

Sindikunena kuti filimu ndiyo gwero la nkhanza zonse. Ana a kubusa ankamenyana kanema asanabwere. Mwana wokulira m'nyumba yomwe bambo amamenya mayi usiku ulionse ali pa chiopsezo chachikulu kuposa woonera Rambo. Njala, kachasu ndi kusowa ntchito zimabala chiwawa chochuluka kuposa filimu iliyonse. Koma mwa zonsezi, ndi chiti chomwe khonsolo ingachepetse chaka chino popanda kudikira thandizo la kunja? Umphawi sutha ndi chikalata chimodzi. Kuletsa mwana wa zaka 7 kulowa mu filimu ya akuluakulu kumangofuna chikalata ndi munthu wochitsata.

Otsutsa malamulo ali ndi umboni wawo umene amaunyadira, ndipo ndi bwino tiumve. Pa chilumba cha St Helena, pakati pa nyanja ya Atlantic, kanema adafika mu 1995. Tony Charlton ndi anzake adajambula ana akusewera pa sukulu kanema asanabwere, n'kuwajambulanso patatha zaka zingapo, ndipo sadapeze kuti ndewu zawonjezeka. Otsutsawo amaimira pomwepo. Koma ofufuzawo adaperekanso chifukwa chake. Chilumbacho chidali ndi anthu pafupifupi 5,000 odziwana okhaokha, mwana sakadachita kanthu osaonedwa ndi wamkulu womudziwa. Zinthu zidayenda mosiyana m'tauni ina ya ku Canada yomwe Tannis MacBeth Williams adaifufuza kanema atafikako mu 1973, komwe patatha zaka ziwiri ndewu ndi kutukwanizana pakati pa ana zidakwera. Phunziro la St Helena ndi lomwe agogo athu ankalidziwa kale, loti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimateteza mwana ndi diso la wamkulu.

Diso limenelo ku vidiyo kulibe. M'kati ndi mumdima, kholo lili kutali, wamkulu yekhayo amene ali ndi mphamvu ndi amene akulandira ndalama. Apa ndi pomwe mawu oti "kulera ndi udindo wa makolo" amandikwiyitsa. Amene amawanena kawirikawiri ali ndi dikoda m'nyumba, yomwe imatsekeka ndi nambala yachinsinsi, ali ndi mpanda ndi wantchito woyang'anira ana. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Limbe amachoka mbandakucha n'kubwerera kutada. Bambo ali pa ganyu, kapena ali ku Joni. Tikamuuza mayi ameneyu kuti aziyang'anira zomwe mwana wake akuonera, tikumuuza kuti asiye tomato ana agone ndi njala. Dziko likakana kuika malire, ana a opeza bwino amatetezedwabe ndi ndalama za makolo awo. Otsala pambalambanda ndi ana a anthu wamba.

Pali mantha ena omwe ndimawalemekeza kuposa onse. Amalawi tidapsa ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Lamulo lathu loyang'anira mafilimu ndi zisudzo lidabadwa mu 1968, ndipo Censorship Board ya nthawi ya Kamuzu Banda inkaletsa mabuku, nyimbo ndi magazini. Lamulo la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza. Mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, n'kutuluka mu 1991. Munthu wokumbukira zimenezi akamva mawu oti "boma liziyang'anira zoonetsa" tsitsi limamuimirira, ndipo sakulakwa.

Koma kuletsa wamkulu kuwerenga buku ndi kuletsa mwana kulowa mu filimu ya akuluakulu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sitigulitsa mowa kwa ana, ndipo palibe amene amati tabwerera ku nthawi ya Apayoniya. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 amateteza ufulu woyankhula m'gawo 35 ndi wa atolankhani m'gawo 36, koma m'gawo 23 amatetezanso ana ku zinthu zoononga thanzi ndi kakulidwe kawo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe Malawi idalivomereza mu 1991, limapempha maboma m'gawo 17 kuti alimbikitse ndondomeko zotchinjiriza ana ku zoulutsa zowaononga. South Africa, yomwe idalawa kuletsa koopsa pa nthawi ya tsankho, sidataye zonse itamasuka. Mu 1996 idakhazikitsa lamulo latsopano ndi bungwe la Film and Publication Board, lomwe ntchito yake yaikulu ndi kugawa mafilimu potengera msinkhu, monga 13, 16 ndi 18. Mawailesi a kanema aulere kumeneko saloledwa kuonetsa zosayenera ana isanakwane 9 koloko usiku, ndipo womvera akakhumudwa amakadandaula ku BCCSA, yomwe imalengeza zigamulo zake poyera. Britain nayo ili ndi malire a 9 koloko omwewo.

Tikafuna, ifenso timatha kulimba mtima pa nkhani za kanema. Mu 2023 dziko lonse lidatekeseka ndi mkangano wa mitengo ya DStv pakati pa MACRA ndi MultiChoice, nkhani mpaka kukafika ku khoti. Tili ndi COSOMA yoteteza ndalama za mwini nyimbo ndi mwini filimu. Wa msonkho wa pamsika sadumpha khomo la vidiyo. Mtengo tauteteza, mwini filimu tamuteteza, msonkho tautolera. Mwana wokhala pa benchi uja yekha ndiye alibe womuimira.

Chomwe ndikufuna n'chosavuta kumva. Filimu iliyonse yoonetsedwa pagulu ikhale ndi msinkhu wake, ndipo msinkhuwo unenedwe ndi pakamwa koyambirira kwa filimu, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Kachilembo ka Chingerezi pa ngodya ya sikirini sikathandiza mwana kapena agogo osadziwa kuwerenga. Omasulira aja ndiwo angachite bwino ntchito imeneyi, poti mawu awo ana amawamvera kuposa a aphunzitsi.

Mawailesi a kanema asunge chiwawa choopsa mpaka 9 koloko usiku, kuphatikizapo zithunzi za nkhani zoonetsa mitembo kapena wakuba akuotchedwa. Nthawi imeneyi ikhale yodziwika kwa kholo lililonse, pamodzi ndi nambala yoimbapo dandaulo, ndipo MACRA izilengeza poyera chomwe yagamula.

Chiphaso cha malo oonetsera mafilimu chikhale ndi mfundo ziwiri zomatidwa pakhomo. Mwana asalowe nthawi ya sukulu, ndipo masana kuzionetsedwa zoyenera aliyense. Mwini vidiyo safa ndi njala, mpira wa ku England ndi mafilimu a ku Nigeria amadzaza nyumba, ndipo akuluakulu adzaonera zawo usiku. Woyang'anira asachite kuchokera ku Lilongwe. Mfumu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulu ali pomwepo, apatsidwe mphamvu yokanena ku khonsolo, ndipo wophwanya kawiri alandidwe chiphaso.

Pomaliza, lamulolo lidzitchinge lokha. Linene momveka kuti ntchito yake ndi msinkhu ndi nthawi basi, kuti silingagwiritsidwe ntchito poletsa filimu chifukwa yadzudzula boma kapena chipani, ndipo aliyense wosakhutira ndi chigamulo akhale ndi njira yopitira ku khoti.

Ndikudziwa kuti mafoni afika, ndipo mwana atha kuonera zoopsa pa memori khadi ya mkulu wake. Lamulo silingalowe m'thumba la aliyense. Koma kulephera kutseka mabowo onse si chifukwa chosiyira chitseko pululu, ndipo malire olengezedwa poyera amapatsa kholo ndi mphunzitsi poimira akamakana. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ana omwe akuphunzira lero kuti mkangano umatha ndi chibakera ndiwo adzakhale amuna a ana athu aakazi, apolisi athu ndi madalaivala a minibasi zathu. Pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi, wina aimirire afunse kuti ku vidiyo ya pafupi ndi sukulu kukuonetsedwa chiyani 10 koloko m'mawa, ndipo yankho lake likafike kwa khansala.