Kathebulo ka Mandimu ku Overton

Tiyeni tifike ku Overton, katauni kakang'ono kum'mawa kwa Texas, ku America. Kumeneko dzuwa likayamba kuswa mtengo, ana amatulutsa kathebulo kunja kwa nyumba n'kumagulitsa madzi a mandimu othira shuga. Ndi mwambo wakalekale, ndipo wodutsa amagula ngakhale alibe ludzu.

Mu June 2015, atsikana awiri apachibale, wazaka 7 ndi wazaka 8, anachita zomwezo. Ankafuna kandalama koti asangalatse bambo awo pa tsiku lokumbukira abambo. Apolisi anafika n'kuwauza kuti atseke chifukwa analibe chilolezo.

Komatu lamulo linkaletsa kugulitsa, osati kupatsa. Patapita masiku ochepa, anawo anatulutsanso kathebulo kaja n'kumagawa chakumwacho ulere, ndipo aliyense ankaperekapo kangachepe monga mtima wake wafunira. Anthu anakhamukirako. Apa m'pamene pamandigwira mtima. Munthu wamkulu kusiya ntchito zake, kukaima padzuwa kudikira kapu ya madzi a mandimu amene akanatha kudzipangira kunyumba, n'cholinga chongofuna kuti mwana amene wafinya mandimu ndi timanja take asalowe m'nyumba akulira.

Nkhaniyi inamveka mpaka kunyumba ya malamulo ya Texas. Mu 2019, bwanamkubwa Greg Abbott anasaina lamulo loletsa makhonsolo kutseka timathebulo ta ana osakwana zaka 18 ogulitsa zakumwa zosaledzeretsa. Linayamba kugwira ntchito pa 1 September chaka chomwecho.