Swichi Ikagwa, Mlandu Si Wanu

Mwezi wa June ukafika, kuzizira kwa ku Gweru, Shurugwi ndi Zvishavane sikusankha munthu. Panyumba ya abwana giza imatenthetsa madzi, hita imayaka pabalaza, inu muli pa simbi, ketulo ili pamoto wamagetsi. Posakhalitsa nyumba yonse yachita mdima, ndipo chala chimaloza wantchito. Tikufuna mudziwe chimene chimachitika m'bokosi la magetsi lija, chifukwa kusadziwa kwake kwadyetsa anthu malipiro awo, ndipo kungathe kutengetsa moyo.

Magetsi a m'nyumba kuno ku Zimbabwe amabwera ndi mphamvu ya ma volt pafupifupi 230. Kuchuluka kwa magetsi amene waya angasenze kumayezedwa ndi ma amp, pomwe njala ya chipangizo chilichonse imalembedwa pansi kapena kumbuyo kwake m'ma watt. Masamu ake ndi ofewa: gawani ma watt ndi 230, mupeza ma amp. Ketulo ya ma watt 2,000 imakoka ma amp pafupifupi 9. Mbaula yamagetsi ya mbale ziwiri ndi hita wamba zimakoka chimodzimodzi. Giza ya ma watt 3,000 imakoka 13. Pulagi ya mano atatu amakona anayi imene tonse timaidziwa inapangidwa kuti isenze ma amp 13 okha. Choncho ketulo ndi hita zikalumikizidwa pa adaputa imodzi zimafuna 18 pamalo pa 13. Katundu wapyola kale msinkhu wa womusenza.

Tsegulani chitseko cha bokosi la magetsi, muwerenge ndi maso okha osakhudza waya. Swichi iliyonse ili ndi nambala yake: yaing'ono ya mababu, yokulirapo ya masoketi, ina ya chitofu, ina ya giza, ndi yaikulu yolamulira nyumba yonse, imene m'nyumba zambiri za m'tauni imakhala ya ma amp 60. Magetsi akapyola nambala imeneyo, swichi imagwa yokha, kapena fyuzi imapsa ngati nyumbayo ili ndi bokosi lakale. Imeneyo ndiyo ntchito yake. Imadula magetsi waya wa m'khoma asanatenthe n'kuyatsa denga.

Vuto lalikulu lili kumene ambiri a inu mumagona. Nyumba zambiri za m'makomboni a migodi ndi mafakitale, monga za Shabanie ku Zvishavane ndi za Ziscosteel ku Redcliff, zinamangidwa kalekale, mabanja asanakhale ndi zipangizo zamagetsi zochuluka ngati lero. Kanyumba ka wantchito kuseri kwa nyumba ya abwana, kapena komboni ya pafamu, nthawi zambiri kamalandira magetsi kudzera pa nthambo imodzi yowonda yochokera pa soketi ya kukhitchini. Nthambo yotere ingathe kuyatsa babu, wailesi ndi kutchaja foni. Kuphikirapo ndi kuwotherapo nthawi imodzi n'kuitana moto. Kuthimathima kwa magetsi kwaonjezera ngoziyi. Mu 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, madera ambiri ankakhala maola okwana 18 opanda magetsi, ndipo tinazolowera kuti akabwera usiku aliyense aphike, asite ndi kutenthetsa madzi pa ola lomwelo.

Pali chizolowezi chimodzi chimene tikukupemphani muchikane, ngakhale akutumeni ndi abwana: kumanga waya wamkuwa kapena kuika msomali pamalo a fyuzi yopsa, kapena kutchinga swichi kuti isagwe. Kutero n'kuchotsa mlonda pachipata. Magetsi apitirira kuyenda mpaka pulasitiki wokutira waya atasungunuka, ndipo wogona pafupi ndi nthamboyo ndinu ndi ana anu. Mukamva fungo la pulasitiki wopserera, mukaona soketi yada kapena pulagi ikutentha m'manja, zimitsani swichi yaikulu. Moto wamagetsi suthiridwa madzi. Dulani magetsi kaye, kenako thirani mchenga. Munthu wogwidwa ndi magetsi musamukhudze ndi manja musanazimitse.

Tsono mlandu ndi wa yani? Mita ndi nthambo yobwera kuchokera pa mtengo wa magetsi ndi za ZETDC, nthambi ya ZESA. Mawaya a m'kati mwa nyumba, ndi opita ku kanyumba kanu, ndi udindo wa mwininyumba, ndipo woyenera kuwakonza ndi mmisiri wamagetsi wovomerezeka. Wantchito wa m'nyumba kapena wa kumunda sanalembedwe ntchito imeneyo. Lamulo la zantchito la dziko lino, Labour Act, pa gawo 12A, linatchula zifukwa zochepa zimene bwana angadulire malipiro a wantchito, ndipo silimupatsa ufulu wongodula mwa iye yekha chifukwa firiji yapsa. Lamulolo silifunsa ngati makolo anu anachokera ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani abwana kuti soketi ya m'chipinda mwanu imachokera pa swichi iti ndipo ndi ya ma amp angati. Akakupatsani ntchito yosita ndi kuphika pa nthawi imodzi, auzeni mwaulemu kuti zipangizo zolemera zimafuna kusinthana. Magetsi akathima, zulani mapulagi a zipangizo zodula kuti zisapse pobwerera. Swichi ikagwa kawirikawiri, lembani tsiku ndi zimene zinali zoyaka, muwadziwitse abwana pa uthenga wa pafoni kuti umboni ukhalepo. Ngati akudulani malipiro, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma, kapena ku mabungwe a ZDAWU, la antchito a m'nyumba, ndi GAPWUZ, la antchito a m'minda.

Kwa olemba anthu ntchito amene kalatayi iwapeze, pempho lathu ndi limodzi: itanani mmisiri, kanyumba ka wantchito kakhale ndi waya wokwanira ndi swichi yakeyake, chisanu cha chaka chino chisanafike pachimake.