Nthambo imodzi ikwanira, koma msika wathu si dzala

Kuyambira pa 28 December 2024, foni iliyonse yatsopano yogulitsidwa m'maiko a European Union iyenera kukhala ndi pobayira chaja pa mtundu wa USB-C. Malaputopu tsiku lawo ndi 28 April 2026. Lamuloli ndi labwino, koma tisawombere makampani m'manja ngati anatichitira chifundo. Anachita kukokedwa.

Apple inakakamira nthambo yake ya Lightning kuyambira pa iPhone 5 mu 2012, ndipo ofuna kupanga nthambo zovomerezeka ankalipira chilolezo kwa iyo. Lamulo likukambidwa, inadandaula kuti lidzapha luso latsopano. Litavomerezedwa mu 2022, iPhone 15 inatuluka mu September 2023 ndi USB-C, ndipo palibe luso linafa. Koma kachipangizo kolumikizira nthambo yakale ku foni yatsopano anakaika pa madola 29.

A ku Ulaya anawerengera zao: machaja otayidwa ndi ongokhala m'nyumba amafika matani pafupifupi 11,000 pachaka. Lamulo lao liteteza msika wao chabe. Nanga mafoni atsopano a micro-USB amene saloledwanso kumeneko, fakitale idzaleka kuwapanga? Idzawafunira msika kwina, ndipo ife a dziko la salaula tidziwa bwino kumene zotsala zimathera. Yendani pa City Market kapena ku Kamwala muone mafoni otchipa angati akali ndi pobayira pakale.

Chimene chitipweteka kwambiri ndi china. Nthambo za USB-C zifanana kamwa chabe, mkati zisiyana. Ina inyamula mawati 60, ina ifika 240, ndipo yamphamvu iyenera kukhala ndi kachipu mkati. Ngakhale iPhone 15 wamba itumiza mafayilo pa liwiro lakale la USB 2.0, pamene ya Pro ithamanga kuwirikiza 20. Wogulitsa pa kantemba angokuuzani kuti "ni original, boss", inu mulibe poyesera. Mu 2016 Benson Leung, injiniya wa ku Google amene ankayesa nthambo zotere, anawonongetsa laputopu yake ndi nthambo imodzi yolumikizidwa molakwika. Uyo ndi katswiri. Nanga mtsikana wa pa buthi ya mobile money ku Matero, amene foni ndiye mpamba wake wonse? Tikumbukire 2024, madzi atachepa ku Kariba: malaiti akabwera kwa maola ochepa usiku, nthambo yochaja pang'onopang'ono inali kutanthauza kukagona bizinesi mawa.

ZICTA ili kale ndi mphamvu yovomereza mitundu ya mafoni olowa mu Zambia. Iike tsiku, monga anachitira a ku Ulaya, loti foni yatsopano yopanda USB-C isalowenso. Zambia Compulsory Standards Agency nayo iyese nthambo zolowa pamalire, ndipo paketi iliyonse ilembedwe mawati ake poonekera, kuti wogula awerenge yekha asanatulutse ndalama.