Mbalame yotsata linthumbu sikhala m'bulugamu

Ndili mwana pa Chonde pano, legeni sinkachoka m'khosi mwanga. Apumbwa ndi njiwa ndinapha ndithu, sindikana. Koma mukandifunsa lero chimene chikutha mbalame kwathu kuno, ndiyamba kutchula nkhwangwa ndi moto, legeni pambuyo.

Pali kambalame kena kotchedwa Thyolo alethe, kofiirira kumsana, koyera pakhosi. Dziko lonse lapansi kamapezeka m'nkhalango zochepa chabe za kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo bungwe la IUCN linakaika m'gulu la mbalame zomwe zili pachiopsezo chotha. Kadyedwe kake n'kochititsa chidwi. Linthumbu likamayenda pansi pa masamba ofota, tizilombo timabalalika pothawa, ndiye iko kamangotsatira pambuyo n'kumatola. Tsono linthumbulo limafuna nthaka yachinyezi ndi mthunzi wa mitengo yachilengedwe yothithikana. Mitengo ikadulidwa, dzuwa limaumitsa pansi, linthumbu limasamuka, mbalame n'kusowa chakudya ngakhale palibe wayigenda. Nkhalango ya phiri la Thyolo, kumene dzina lake linachokera, inatha pafupifupi yonse. Mbali zina za phiri la Mulanje zidakalipo, koma makala ndi moto zikuzidya chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi mmene magulu athu odzipereka timachitira. Dzinja likafika timabzala mbande, kujambulitsa, kuwomba m'manja, basi kwatha. Kawirikawiri mbandezo ndi bulugamu. Bulugamu ngwabwino pa nkhuni ndi milimo, ndipo amapulumutsako mitengo ya m'phiri, koma pansi pake pamakhala pouma gwaa. Kalowenimo m'mawa mumvetsere, kenako mukaime pafupi ndi msitu wa kumanda. Makutu anu akuuzani.

Ntchito yeniyeni ndi ija yosajambulika: kupalira mbande za mbawa ndi mkuyu m'mbali mwa mtsinje, kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, kulemba m'kope mbalame zimene mwaona pamalo amodzi Loweruka lililonse. Mabungwe ngati Mulanje Mountain Conservation Trust ndi WESM sangakhale paliponse, ndipo kopelo likakwana zaka ziwiri limasonyeza mbalame imene yasowa.

Ngati kusukulu kwanu kuli kalabu ya zachilengedwe, kafunseni aphunzitsi kuti pa mitengo munabzala chaka chatha yatsala ingati. Mukawerenge nokha, osangomva.