Raj akanakhala wa ku Ndirande

Mafilimu achimwenye akale aja ndimawakonda, ndipo wina asandiuze kuti ndi zachibwana. Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa tinkaimba nyimbo za Kuch Kuch Hota Hai osamva ngakhale liwu limodzi la Chihindi. Maola atatu pabenchi lathabwa, thukuta lili kamukamu, koma ng'oma ikangolira, Kajol n'kutembenuka, njala yonse balala. Anthu aja nyimbo amaitha, izo sinditsutsa.

Chimene chimandinyansa ndi Raj.

Onereraninso Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995 muli ndi maso achikulu. Shah Rukh Khan akumana ndi Simran m'sitima ku Ulaya, mtsikana akuonetseratu kuti sakufuna, iye osamusiya. Kenako akumunamiza kuti anagona naye ataledzera, mwana wamkazi mpaka kulira, ndiye akuti ndimangocheza. Ife m'vidiyo sho kuseka! Mnyamata wotere akamutsata mchemwali wanu kuchokera m'depoti ya Limbe mpaka pa msika, mungati ndi chikondi? Mumutcha chidakwa kapena wamisala. Kusiyana kwake n'kwakuti Raj ali ndi jekete lachikopa, bambo wolemera ku London, komanso nyimbo imene imayamba nthawi yomwe mtsikana wakana. Anyamata ambiri tinatola phunziro pamenepo: "ayi" wa mkazi ndi poyambira chabe, iwe limbikira.

Nanga mathero ake, amene anthu amalira nawo mpaka lero? Simran sasankha kanthu. Bambo ake amugwira dzanja pasiteshoni, iye akuchonderera, mpaka mkuluyo atafuna yekha kumutaya. Wachoka m'manja mwa mwamuna uyu, wathamangira m'manja mwa uyo.

Kuch Kuch Hota Hai ya 1998 ndiye imaposa. Anjali ali ndi tsitsi lalifupi, akumugonjetsa Rahul pa basketball, Rahul akumuona ngati mnzake wa mpira basi. Papita zaka, mkazi wake Tina wamwalira, Anjali wasunga tsitsi, wavala sari, basketball yomweyo wayamba kuluza. Apo ndiye aphiri maso atseguka.

Ena amati ndi filimu chabe, usaiganizire kwambiri. Chabwino. Nanga bwanji mukaika tizidutswa take pa TikTok mumalemba kuti mwamuna weniweni ndi ameneyu?