Za M'khola Mwathu: Thadzi Lofungatira M'nyengo ya Chisanu

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Nyambadwe, ndipo chiperoni chikakuta phiri la Ndirande osaonekanso, ambiri mwa inu mumatifunsa kuti: thadzi langa layamba kufungatira m'chisanu muno, khola ndi laling'ono, kodi ndililole kapena ndilichotsere mazira? Ife tikuyankha kuti liloleni, koma mulithandize. Pakuti mvula yamawawa ija, imene imadza ndi mphepo yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, simapha dzira lokhala pansi pa make. Chimene chimapha ndicho chinyezi, utitiri ndi kusasamala kwa mwini khola.

Poyamba lipatuleni thadzilo. M'khola lopanikizana nkhuku zinzake zimakwera m'chisa ndi kuikiramo mazira atsopano, kotero kuti ena amasweka, ena amatsalira kunja kwa mapiko nazizidwa. Tengani dengu lakale, muikemo dothi louma pang'ono, pamwamba pake phulusa ndi masamba a fodya oingitsa utitiri, ndipo pomaliza udzu wofewa wouma. Muliike pangodya yamdima, kumene mphepo yakum'mwera siifika, nimutchinge ndi bango kapena chiguduli. Kusamutsako kuchitike usiku, pakuti masana thadzi limabwerera kumalo ake akale.

Za mazira tinene mosabisa, chifukwa apa ndipo pagona umbombo wathu. M'nyengo yotentha thadzi lalikulu limatha kufunditsa mazira 12, koma m'chisanu 8 kapena 9 akwanira. Dzira lifuna kutentha kwa madigiri 37 kapena 38 usana ndi usiku, pamene usiku wa Julaye kuno ku Blantyre umatsika kufika madigiri 13, nthawi zina kuchepera apo. Thadzi limatembenuza mazira ake, a m'mbali kulowa pakati, a pakati kutuluka m'mbali. Tsono ngati achuluka, lililonse lidzalawako chisanu pa nthawi yake, ndipo wofuna anapiye 15 adzapeza onse asukusa. Sankhani mazira osapitirira sabata imodzi, osang'aluka, osatsukidwa ndi madzi, ndipo muwalembe ndi khala kuti mlendo akalowamo mumzindikire. Amene ali ndi mazira a nkhuku zakuda za Mikolongwe achita bwino kuwapatsa thadzi lachikuda, chifukwa pa ntchito yofungatira ndi kulera palibe loliposa.

Masiku ofungatira ndi 21. Thadzi limatsika kamodzi patsiku kukadya, kumwa ndi kusamba m'fumbi. Choncho muike chimanga, madeya ndi madzi pafupi, kuti lisapite kutali mazira n'kuzizira. Pa tsiku la 10 mungathe kuunika dzira lililonse ndi tochi mumdima: lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ndi kachinthu kakuda, lopanda mbewu limawala mbee, ndipo limenelo mulichotse lisanaphulike ndi kuipitsa anzake. Kuyambira tsiku la 18 manja anu atalikire chisa. Ana auzidwe kuti asanyamule thadzi pofuna kuona, ndipo mwanapiye akagogoda chikamba musamthandize kuswa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anapiye akaswedwa safuna chakudya tsiku loyamba, popeza amabadwa ndi kamba wawo wa m'dzira. Pambuyo pake apatseni chimanga chosinja mwa timiyala ting'onoting'ono, chosakaniza ndi ufa wa usipa kapena wa soya wokazinga, chiswe ngati chapezeka, ndi masamba oduladula. Madzi akhale m'kambale kosaya koikamo timiyala, chifukwa mwanapiye wonyowa m'chisanu sachedwa kufa.

Tikuchenjezeni kolimba za mbaula. Ena pomvera anapiye chisoni amaika makala amoto m'khola natseka ponseponse, ndipo m'mawa amapeza make ndi ana omwe ali gone, atafa ndi mpweya woipa wa makala. Ena khola lenilenilo limapsa. Moto wa anapiye ndi mapiko a make. Tsekani mipata ya m'munsi, kumene kumalowa mphepo, makoswe ndi likongwe, koma m'mwamba musiye mpata wopitira mpweya. Pansi pakhale utuchi kapena mankhusu ouma, ndipo muzisintha akanyowa. M'mawa musawatulutse mame asanaume. Tsiku la chiperoni akhale m'kati tsiku lonse. Dzuwa likawala aotheni pansi pa chitete kapena sefa, pakuti udzu ukauma ndi kupsa, mphamba ndi khwangwala amaona patali. Muchite chotero kufikira masabata 5 kapena 6, pamene nthenga zamera thupi lonse.

Chatsala chimodzi, chimene chimagwetsa ntchito yonseyi mukachiiwala. Chisanu chikatha, kutentha kwa Ogasiti mpaka Novembala kumadza ndi chitopa, ndipo chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimene chilipo ndi katemera wotchedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, anapiye ndi make yemwe, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko mwezi wa Julaye usanathe, ndipo mugwirizane ndi anansi anu kuti botolo limodzi likwanire makomo angapo.

Mukasunga zimenezi, anapiye a Julaye adzakhala atakula pofika Khrisimasi: atambala a ndiwo za alendo ndi ndalama ya sukulu ya Januwale, misoti yoyamba kuikira m'nyengo ya dzinja pamene nkhokwe yachepa. Mwezi wamawa tidzakamba za kamangidwe ka khola la m'mwamba pamalo ochepa. Tsalani bwino nonse.